Chikalata cha ku Paris sichizimitsa moto pa Mulanje

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2025, nthumwi za maiko zitasonkhana ku Paris, bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Nkhaniyi idamveka pa wailesi, akuluakulu adayamikirana, ena mpaka kudziguguda pachifuwa ngati kuti phirilo adachita kuliumba okha. Sabata isanathe tonse tidabwerera ku zathu za masiku amenewo: kampeni, mizere ya petulo ndi mtengo wa chimanga.

Ulemu umenewu si wamasewera ayi. Malawi adali ndi malo awiri okha m'kaundulayu. Oyamba ndi paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, imene idalowa mu 1984. Achiwiri ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene zidalowa mu 2006. Mulanje ndi wachitatu, ndipo tidadikira zaka 19 kuti tiwonjezerepo dzina limodzi. Komanso tidziwe kuti phirili silidalowe chifukwa cha kutalika kwake kokha. Adalilemba ngati malo a chikhalidwe, chifukwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao akhala akulitenga ngati mudzi wa mizimu ya makolo, kumene amakathira nsembe mvula ikavuta.

Funso langa lero ndi lapafupi. Azungu ndi maiko ena alilemekeza phiri lathu. Nanga ife eni ake, makamaka ife a m'tauni, tikulidziwa? Ndipo pamene tikuwomba m'manja, pamwamba pakepo pakuchitika zotani?

Phiri limene timaliona pa kalendala

Kuchoka ku Limbe kudzera msewu wa Midima, Mulanje ali pa mtunda wosakwana makilomita 80. Minibasi yonyamuka m'mamawa imakutulani pa Chitakale dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo kuchoka apo wakabaza amakufikitsani ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndi poyambira njira zokwerera. Koma funsani anzanu khumi mu msika wa Limbe kapena m'kalasi mwanu kuti ndani adapondako. Ambiri akuuzani kuti amaliona akamapita ku Muloza kukaoda katundu, kapena pa kalendala ya kubanki. Chimodzimodzi ku Zomba: alipo ophunzira amene amatha zaka zinayi m'tsinde mwa phiri, n'kulandira digiri, osafikako ku Chingwe's Hole kapena ku mathithi a Williams.

Tsono lekani ndikuuzeni zimene zili kumeneko. Mulanje si phiri limodzi losongoka ngati chulu. Ndi dziko lina lokhazikika m'mwamba, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 650, lokhala ndi zigwa za udzu pa msinkhu wa mamita ngati 2,000, ndipo pamwamba pa zigwazo m'pamene pamayambira nsonga zamiyala. Yaitali kuposa zonse ndi Sapitwa, mamita 3,002, ndipo kuno kwathu, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique kulibe ina yoiposa. Khoma la mwala la nsonga ya Chambe, loyang'ana kumadzulo, ndi lotalika mamita ngati 1,700, ndipo akatswiri okwera ndi zingwe amalitchula kuti ndi lalitali kuposa onse mu Africa. Kumpoto chakum'mawa kuli mpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene pankadutsa ogula akapolo polowera kunyanja yamchere, mpaka atsamunda adamangapo linga mu 1893.

Wosafuna kutopa atha kuyenda ngati ola limodzi kuchoka ku Likhubula n'kufika pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi ozizira ngati a mufiriji amagwera m'dziwe lakuya. Wolimba miyendo amakwera maola anayi kapena asanu n'kukagona m'tinyumba ta alendo timene tili pa Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo. M'tinyumbamo mumakhala mlonda, nkhuni ndi poothera moto. Chakudya ndi chofunda mumatenga nokha. Usiku nyenyezi zimatsika mpaka kukhala ngati uzithyola, ndipo m'mawa mitambo imakhala pansi pa mapazi ako, minda ya tiyi ikuoneka patali ngati chitenje chobiriwira choyanika. Kandimverere adakanena za m'maluwa; izi n'zofunika kukaona ndi maso.

Koma amene amagona m'tinyumba timeneti ndi ndani? Tsegulani mabuku amene alendo amalembamo maina, muwerenge. Mupeza Germany, Netherlands, England, South Africa. Maina a Phiri, Banda ndi Mwale mumachita kuwasaka, ngakhale zaka zino magulu a achinyamata a m'tauni ayamba kuonekerako. Kuyambira nthawi ya atsamunda tidazolowera kuti wokwera phiri mosangalala ndi mzungu, ndipo Mmalawi amakwera atasenza chikwama cha mzunguyo. Maganizo amenewa sadatheretu ndi ufulu wa 1964, ngakhale ndi matipate a 1994.

Mtengo wa fuko watha tikuona

Amene mudaphunzira sukulu nthawi ya Ngwazi mukukumbuka kuti mkungudza wa ku Mulanje, umene ambiri amangoti sida, ndiwo mtengo wa fuko lathu. Kamuzu adaulengeza choncho mu 1984. Mtengowu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma pa Mulanje pokha. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, ndipo siliola msanga ngakhale m'madzi, n'chifukwa chake anthu ankalifuna pokhoma madenga, zitseko, mabokosi ngakhalenso maboti a kunyanja. Ubwino wake womwewo ndiwo udaupalira imfa.

Mu 2017 akatswiri atayendera phiri lonse adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Inde, 7. Nkhalango imene boma lidaiteteza ndi lamulo kuyambira 1927, yokhala ndi alonda ndi maofesi, mtengo wake wa fuko udatha masana dzuwa likuswa mtengo. Mtengo wa zaka mazana sugwa mwakachetechete. Kuucheka kumatenga masiku, ndipo matabwa ake amatsika pamitu ya anthu m'njira zomwezo zimene aliyense amadutsa. Akafika pansi amakwera lole, loleyo n'kudutsa marodibuloko mpaka kufika m'tauni. Ndiye munthu andiuze kuti palibe adaona? Tisanamizane. Pamene pali macheka pali wogula, ndipo pamene lole yadutsa pali wina amene adayang'ana kumbali dzanja lili m'thumba.

Ine ndidakumanapo nawo anyamata osenza matabwawa pa njira yotsika ku Chambe. Thabwa lalitali kuposa galimoto lili pamutu, kumapazi kulibe nsapato, akutsika pa mwala woterera mothamanga ngati mbuzi. Sindidathe kuwada. Munthu amene amaika khosi lake pachiswe chotere si amene amalemera ndi malondawa. Olemera ali m'tauni, amavala tayi, ndipo ena a iwo mwina adawomba nawo m'manja uthenga wa ku Paris utafika.

Pali ntchito yabwino imene yachitika, ndipo ndiyenera kuitchula. Kuyambira 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi akatswiri a zankhalango a ku Zomba ndi anzawo akunja, adakhazikitsa manazale m'midzi yozungulira phiri, anthu akumudzi n'kumafesa mbande ndi kuzigulitsa, ndipo mbande mazana a zikwi zidabzalidwa pamwamba. Vuto ndi moto. Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, phiri limayaka. Ena amatentha posaka nyama ndi mbewa, ena pofuna kubisa zitsa, ena kungopsa mtima ndi alonda. Mbande ya zaka zisanu imapsa m'mphindi imodzi, pamene mtengo woti n'kuchekeka umafuna zaka makumimakumi. Ndi chifukwa chake ndikuti chikalata cha ku Paris sichizimitsa moto. Wozimitsa moto ndi munthu wa ku Likhubula, ku Nessa kapena ku Fort Lister, ndipo munthuyo amathamangira moto pokhapokha ngati chikupsacho akuchiona kuti ndi chake.

Madzi a mumpopi ndi thumba la makala

Wina wa geni mu Limbe anena kuti: bambo wolemba, ine za mitengo ya ku Mulanje zindikhudza bwanji, poti nkhawa yanga ndi mtengo wa dola ndi lendi ya shopu? Achimwene, zikukukhudzani m'kapu imene mwamwera tiyi m'mawa uno.

Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera nawo chitunda, ntchito yodya ndalama zankhaninkhani. Pofuna kupepuza vutoli, Blantyre Water Board idatenga ngongole ya madola 23.5 miliyoni ku banki ya boma la India n'kuika mapaipi ochokera mu mtsinje wa Likhubula kudzera ku Nguludi. Ntchitoyi idatha mu 2019, ndipo idakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku. Mukukumbuka kuti ntchitoyi isanayambe anthu ena a ku Mulanje adaikana, amvekere yambani mwabzala mitengo m'phiri musanatenge madzi? Ambiri m'tauni tidawatenga ngati osokoneza chitukuko. Koma mfundo yawo idali yoona: mtsinje si mpopi woti ukangotsegula madzi atuluka. Nkhalango ndi udzu wa pamwamba ndizo zimagwira mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Zikatha zimenezo, madzi onse amatsika tsiku limodzi ngati chigumula, kenaka Okutobala mtsinje n'kusanduka mchenga. Ngongole ya ku India ndiye tidzabwezabe, madzi alipo kapena palibe.

Si Likhubula yekha. Ruo, Lichenya, Thuchila, Muloza, Sombani ndi Phalombe yonseyi imabadwira pa phiri limeneli. Minda ya tiyi, imene yakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1890, imadalira mvula ndi chiperoni zimene phirili limakoka. Ku Bondo anthu akumudzi amaunikira magetsi opangidwa ndi madzi a Lichenya. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 420,000 ku Phalombe. Anthu oposa miliyoni imodzi amene chitsime chawo ndi chimodzi, ndipo paja chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Tsono tiyeni tinene chilungamo pa za makala. Mabanja oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Wootcha makala ali kumudzi, koma mbaula ili m'tauni. Njinga zimene timakumana nazo mbandakucha zitasenza matumba atatuatatu sizipita ku Mozambique, zimabwera kwa ife. Lamulo la zankhalango adalikhwimitsa mu 2020, zilango zidakwera, koma malinga ngati magetsi ali ozimazima ndipo gasi ndi wa opeza bwino, thumba la makala lidzapeza njira yake. Tikamaloza chala anthu a m'tsinde mwa phiri, zala zitatu zikuloza ife.

Ndipo phiri lometedwa timalidziwa zochita zake. Akuluakulu akukumbuka Malichi wa 1991, pamene napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana ku Phalombe. Achinyamata mwaona nokha Malichi wa 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba ku Chilobwe m'tsinde mwa Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Akufa ndi osowa adaposa 1,000. Sindikunena kuti mitengo ikadaletsa mvula yoopsa ngati ija; malo ena adagumuka ngakhale padali nkhalango. Koma dothi lopanda mizu silichedwa kutsetsereka, ndipo mtsinje wodzala mchenga suchedwa kusefukira. A ku Ndirande akudziwa mmene phiri lawo lidavulidwira malaya m'zaka zoyambirira za matipate, anthu atamva molakwika kuti demokalase ndiye kuti nkhwangwa yamasulidwa. Mpaka lero silidavalenso bwinobwino.

Mgodi kapena cholowa: boma lisankhe poyera

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ili pansi pa udzu wa ku Lichenya. Kumeneko kuli dothi la bauxite, lopangira aluminiyamu, limene akatswiri a miyala adalipeza m'zaka za m'ma 1920 ndipo amaliyerekeza kuti limaposa matani 25 miliyoni. Kuyambira nthawi imeneyo pafupifupi boma lililonse lalota zolikumba. Cha m'ma 2011 ndi 2012 kampani ina idafufuzanso miyala yosowa ija ya rare earth m'chigwa cha Chambe, nkhani mpaka idafika kukhoti. Zaka zaposachedwapa dzina limene lamveka kwambiri pa za bauxite ndi la kampani ya Akatswiri Mineral Resources, ndipo mafumu ena, mabungwe ndi anthu okhala mozungulira phiri akhala akukana poyera.

Amene akufuna mgodi ali ndi mfundo, ndipo tisawanyoze. Dziko lilibe ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wooda katundu kunja akudziwa ululu wake. Fodya sangatinyamule mpaka kalekale. Achinyamata a ku Mulanje ndi Phalombe akusowa ntchito, malo olima ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti. Munthu wanjala ukamuuza za kukongola kwa mathithi amakuona ngati ukumutukwana.

Koma tiyeni tiwerengere bwino. Bauxite sakumbidwa ngati golide wolowa m'una. Amachita kusenda nthaka ya pamwamba malo aakulu, ndipo malo akewo ndi omwe aja amasunga madzi a mitsinje. Kuti upeze tani imodzi ya aluminiyamu pamafunika matani anayi kapena asanu a dothili, ndipo potsuka pamatsala matope ofiira owawa ngati chidulo champhamvu, amene amafuna madamu owasungira zaka zosawerengeka. Taganizani damu lotere pa dera la napolo. Chachiwiri ndi magetsi. Mu Okutobala 2025 pulezidenti Peter Mutharika adalamula kuti miyala isamatuluke m'dziko muno yosayenga. Lamulo lomveka bwino ndithu. Koma kusungunula aluminiyamu kumadya magetsi moopsa: fakitale ya Mozal ku Maputo ikamagwira ntchito mokwanira imafuna mamegawati oposa 900, pamene magetsi onse amene timapanga m'dziko muno safika pamenepo. Ndiye tiyenga ndi chiyani, mbaula?

Chachitatu, za malonjezo a migodi tidaphunzirapo kale. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 ndi nthungululu, mu 2014 udaima mtengo wa uranium utagwa kunja, ndipo padatenga zaka zoposa khumi kuti uyambirenso. Mgodi umayendera mitengo ya ku London ndi ku Shanghai, ndipo tsiku lina umatha. Mtsinje ukausamala sutha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Komanso tidziwe kuti dzina la UNESCO si mphini yoti ukatema yatema. Komiti yoona za malowa idanena kale kuti migodi siyenderana ndi malo a m'kaundula wake, ndipo amafufuta. Dziko la Oman lidafufutidwa malo ake osungira nyama mu 2007 litachepetsa malowo pofuna kusaka mafuta. Dresden ya ku Germany idachotsedwa mu 2009, Liverpool ya ku England mu 2021. Ngati sadachite manyazi ndi Angerezi, adzachita manyazi ndi ife? Boma silingavine magule awiri nthawi imodzi, unduna wina ukukalandira chikalata ku Paris, unduna wina ukusaina ziphaso za migodi pa phiri lomwelo. Ngati chiphaso chilichonse chidaperekedwa pa Mulanje, achiike poyera: ndani, malo ati, mpaka liti. Zokambirana kuseri ngati bongololo wodzola mafuta ndizo zidatipweteka kale m'dziko muno.

Ndalama ya mlendo imathera kuti?

Tsono amene tikukana mgodi tisangothera pa kukana. Tiyenera kuyankha funso la mnyamata wa ku Likhubula: mukandiletsa macheka, mukandiletsa makala, mukandiletsanso mgodi, ndidya chiyani?

Yankho limene mabwana amakonda ndi lakuti ntchito zokopa alendo. Zoona, koma tisakokomeze. Alendo okwera Mulanje sangadyetse anthu miliyoni. Chimene angachite n'kupanga gulu la anthu ambiri ndithu amene phindu lawo lili pa phiri lamoyo: olondolera njira, onyamula katundu, alonda a tinyumba, amayi ogulitsa nanazi, nthochi ndi mapeyala, akabaza, eni malo ogona pa Chitakale ndi pa boma. Amenewa ndiwo angakhale maso a phiri. Mlonda wa boma mmodzi angagulidwe, koma mudzi wonse umene ukudyerapo sugulika wamba.

Vuto ndi lakuti mlendo wakunja ndi mame. Matenda a Covid-19 atabwera mu 2020 ndege zidaima, ndipo anyamata onyamula katundu adakhala manja m'khosi miyezi yambirimbiri. Mukuganiza kuti ena a iwo adalowera kuti? Kumacheka komweko. Msika wodalira anthu a ku Ulaya okha umagwa ndi chimfine cha ku Ulaya. Msika wolimba ndi wa ife eni: sukulu za sekondale, magulu a kutchalitchi ndi kumzikiti, mabanki m'khonde, mabungwe a mavenda, ophunzira a m'makoleji. Ndalama imene anyamata anayi amathera pa mowa Loweruka limodzi ingalipire wolondolera njira tsiku lathunthu, ndipo imalowa m'thumba la munthu wakumudzi osadutsa pa desiki ya bwana aliyense.

Anzathu adaziona kale izi. Ku Tanzania sungakwere Kilimanjaro popanda wolondolera wa chiphaso, ndipo anthu zikwizikwi amadya pa phiri limenelo. Ku Rwanda, kuyambira 2017, magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zolowera m'mapaki amapita ku midzi yozungulira, anthu n'kumaona sukulu ndi zipatala zomangidwa ndi ndalama ya nyama. Konkuno kwathu Majete idali itatheratu nyama, koma chiyambire mgwirizano wa boma ndi African Parks mu 2003 yadzalanso njovu, zipembere ndi mikango. Sindikuti tikopere zonse, kapena kuti phiri tilipereke kwa alendo. Ndikuti pamene ndalama ya pachipata ikuoneka kumene yapita, anthu amasamala.

Choncho zopempha zanga kwa a boma ndi makhonsolo a Mulanje ndi Phalombe ndi zinayi, ndipo palibe chofuna ngongole ya kunja. Choyamba, ndalama zolowera m'phiri ndi zogonera m'tinyumba zizilengezedwa poyera chaka chilichonse, ndipo gawo lodziwika lizitsala m'midzi ndi pa ntchito yolambula njira zotchinga moto. Chachiwiri, pa bilu ya madzi a Likhubula pakhale kagawo kobwerera kokasamalira gwero la mtsinjewo. Womwa madzi athandize wosunga chitsime. Chachitatu, mitengo ya olondolera njira ndi onyamula katundu izikwera pamodzi ndi mtengo wa ufa, ndipo pakhale malire a katundu amene munthu mmodzi angasenze. Chachinayi, milandu ya matabwa isamathere pa wosenza. Tsatirani lole mpaka pa geti limene yakatsitsa.

Chaka chilichonse m'nyengo yozizira kumakhala mpikisano wa Porters Race, pamene anyamata ndi atsikana amathamanga makilomita oposa 20, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula, opambana n'kumaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Ulendo umene ife a m'tauni timauyenda masiku awiri tikupuma ngati agalu. Dziko lina likadakhala ndi othamanga otere bwenzi likuwaika pa zikwangwani za pabwalo la ndege. Ife timawakumbukira tsiku limodzi pa chaka.

Mukapita, pitani ndi ulemu

Kwa amene mwagwidwa mtima, nawa malangizo ochepa. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja mitsinje imadzala mwadzidzidzi ndipo miyala imaterera. Mu Juni ndi Julayi pamwamba pamazizira mpaka madzi kuundana usiku, ndiye juzi ya ku kaunjika ndi bulangeti musasiye. Chiperoni chikagwa, nkhungu imaphimba njira moti mnzako ali pa mapazi khumi osamuona.

Musakwere nokha. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands adalowera ku Sapitwa yekha ndipo sadapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womulondolera m'munsi, ndipo mtembo wake udapezeka patatha masabata. Akuluakulu a kumeneko amati mizimu idawatenga, azanyengo amati ndi nkhungu ndi chisanu. Ine sindiweruza, koma onsewo akugwirizana pa chinthu chimodzi: phiri ili silifuna matama. Dzina lokhalo likukuuzani kale. Safunsa adadya phula. Pa Dziwe la Nkhalamba pomwepo anthu amirapo, makamaka pa masiku a zisangalalo mowa ukalowa m'mutu. Madzi ake ndi akuya ndi ozizira moti miyendo imauma. Ngati kusambira mudaphunzirira m'beseni, khalani pa mwala mujambulitse.

Lipirani wokulondolerani mtengo wake wonse, osamunenerera ngati mukugula tomato wa madzulo. Mabotolo ndi majumbo tsikani nawo. Musasiye moto ukufuka. Akakuuzani kuti malo awa sitiloza chala kapena sitichita phokoso, mverani, ngakhale muli ndi digiri. Ndi miyambo yomweyo imene yatipatsa dzina ku Paris. Ndipo wina akakutsatsani kabokosi konunkhira ka mkungudza m'mbali mwa msewu, mufunseni kumene thabwalo lachokera musanatulutse chikwama.

Makolo athu adalisunga phirili ndi mantha. Ankati kuli eni ake osaoneka, ndipo wodula mtengo mwachisawawa sabwerera. Mantha amenewo akutha, ndipo sitingawabwezere ndi chikalata. Chotsala ndi chakuti eni ake ooneka, inu ndi ine, tilidziwe, tiliyendere, tidziwe mtengo wake, kuti tsiku limene wina adzabwere ndi pepala lakuti wagula Lichenya adzapeze anthu odziwa chimene akufuna kuwalanda. Munthu salirira munda umene sadaupondemo. Aphungu a Mulanje ndi Phalombe afunse za ziphaso zija m'nyumba ya malamulo, ndipo ife tiwafunse iwo. Tikazengereza, ana athu adzaphunzira za mtengo wa fuko pa chithunzi, madzi akugula m'zigubu, ndipo madzi akatayika saoleka.